Dzuwa Lisanafike pa Mlomo wa Khwawa

Jervaziyo anati: khwawa ili lili ndi maola ake,
limatsegula ndi kutseka ngati chigayo.
Ndinaseka. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndi nsapato zatsopano za ku msika wa Ulongwe.

Tinadikira Januwale yense, Febuluwale yense,
madzi akutsika mumng'alu wa Domwe
ngati ng'ombe zothawa moto.
Tinadikira Epulo, ndere zikadali zonyowa,
zoterera ngati therere pathanthwe.
Mu Meyi ndinati, tsopano.
Iye anakhudza udzu m'mamawa, nayang'ana chala,
nati: mame okha awa. Dikira chisanu.

Chisanu chinagwa usiku wa Lachinayi, mu Juni,
chinapsereza kachewere kudimba kwa Atanaziya.
Iye akulira mbatata zake, ife tikupinda zingwe.
Tsoka la mlimi ndilo khomo lathu, anatero Jervaziyo:
chisanu chimamata timiyala pamodzi,
chimatigwira kuti tisagubuduke
mpaka dzuwa litabwera kudzatimasula.

Tinanyamuka tambala asanaganize zolira.
Tochi pamphumi, kakhasu kokumbira chinaka kumsana,
mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi wa chingambwe.
M'khwawa munali mdima wina, wopanikiza,
makoma awiri oti ukatambasula manja
ukhudza onse.
Dothi linali louma gwa, likulira pansi pa phazi.
Ponda apa. Apo ayi.
Mwala wogwedera umadziwika ndi mawu ake,
ugogode kaye, ngati pakhomo pa eni.

Ndinachedwa.
Ndivomere, wochedwa ndinali ine.
Nsapato zatsopano zinandidya chidendene,
ndinakhala pansi kawiri, katatu,
kumasula, kumanga, kumasulanso.
Sanandikalipire. Ankangoyang'ana kumwamba
kumene mlomo wa khwawa unali wakuda,
kenako wotuwa,
kenako kamzere kofiira, kowonda ngati ulusi.

Tibwerere, anati.

Panatsala utali wa mitengo itatu ya bulugamu.
Ndinkauona udzu wa pamwamba ukugwedezeka,
kumene chinaka chimabisa mitu yake m'dothi lakuda,
ndipo m'mutu mwanga mametikali anali atawerengedwa kale,
wailesi itagulidwa kale.
Ndinati, mphamvu ndili nazo.
Anati, phiri silinafunse za mphamvu zako.

Tikutsika ndinamva dontho loyamba.
Tho.
Kenako lina. Thanthwe linayamba thukuta.
Kamwala konga nyemba kanadutsa pakhutu panga kakuimba mluzu,
mkulu wake, wonga chibakera, ali pambuyo,
ndipo titangotuluka kunsi, mawondo akunjenjemera,
khwawa lonse linatsokomola kumbuyo kwathu:
fumbi, fungo la moto wa miyala yogundana,
anyani akukuwa kutsidya.

Jervaziyo anakhala pachitsa nasenda nzimbe.
Sananene kuti ndinakuuza.
Anandipatsa ya kutsinde, iye nadya ya kunsonga.

Thumba linabwerera lopepuka.
Kunyumba anafunsa, chinaka chili kuti?
Ndinati, chili komweko, chikukula.

Papita zaka. Mawondo ake anatha,
amangokhala pakhonde kuwerenga mitambo,
akaona nkhungu ikukwawa m'nthiti mwa phiri
amatuma mwana: kamuuze asapite.
Ndafika pamwamba kasanu ndi kawiri.
Ndabwerera panjira kakhumi ndi kamodzi,
ndipo tulo tikasowa
maulendo obwererawo ndi amene ndimawerenga,
uliwonse ndi mwala wake umene sunandipeze.

Nsapato zija zili pamsomali, zinang'ambika kalekale.
Usiku uno nyenyezi zili zakuthwa, mphepo yagona,
madzi a mumtsuko akuluma mano.
Kudimba ndikuona kamoto kakuyenda.
Atanaziya akufunditsa mbatata zake udzu.